Phewa la Fadiala, Zala za Burama

Bamako, 16 Febuluwale 1997

Kwa inu Nantenin, make Kabine,

Wolankhula ndine Fadiala Konde, mwamuna wanu. Chiphaso chimati ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, koma amayi ankati ndinabadwa chaka cha dzombe, ndiye mwina nzoposerapo. Wogwira cholembera ndi yemwe uja, Burama Tarawele, msuwani wonyozana naye mwa mwambo, kapolo wanga, poti ine sukulu ndinangoiona denga.

Muli bwanji kumudziko? Kabine ndi mkazi wake ali bwanji, nanga khanda lija chifuwa chinasiya? Ine ndili bwino. Burama alinso bwino, kupatula kuti ndi wa Tarawele, ndipo matenda amenewo alibe mankhwala. Inu musadandaule nawo mawuwa, munachira tsiku lomwe munakwatiwa kwa a Konde. Iye akuti ndikupatseni moni, mlongo wake, ndipo akuti akumvabe chisoni kuti munagwera m'banja la anthu odya khobwe. Mwamva nokha. Wakuba khobwe ndi amene amayamba kuloza anzake.

Munati aphunzitsi atsopano amene akukuwerengerani makalatawa afunsa za ntchito yanga. Auzeni chonchi. Amayi onyika nsalu akamaliza kunyika bazeni, nsalu yodula ija, ndi kumuviika mu utomoni, amabwera naye kwa ife ali wouma gwa, wosawala. Ife timakhala pansi awiri moyang'anizana, chipika pakati, nsalu yopindidwa pamwamba pake, aliyense ndi chibonga chake cholemera ngati mwana wobadwa kumene. Ine kugunda, iye kugunda, mpaka nsalu iwale ngati madzi a mu mtsinje wa Joliba masana. Pakati pa kugundako dzanja lopanda chibonga limalowa kukoka nsalu. Silidikira diso kapena khutu, limadziwa lokha nthawi yake. Nchifukwa chake a Silla, eni chisakasa, salemba munthu mmodzi, amalemba awiri. Ine ndi Burama tinayamba kugundira limodzi Kabine asanagule mano.

Burama amasinthasintha manja ngati nyani, uku chibonga kumanja, uku kumanzere. Ine ndimagunda ndi lamanja lokha, monga anandiphunzitsira malume, kuti nsalu yokaswalira sigundidwa ndi dzanja lakuchimbudzi. Burama akuseka, akuti, "Nanga nsaluyo umaikoka ndi phazi?" Musamumvere.

Nsalu za Tabasiki, chikondwerero chathu chopha nkhosa, zayamba kale kufika. Chaka chino ntchito ilipo. Dalaivala wa ku Sigiri akupatsani ndalama, faranga pang'ono, ndi sopo. Mtedza wa mbewu musagulitse, ngakhale mtengo ukwere bwanji.

Munditumizire mafuta odzola a karite m'chikho chachikulu chija. Mapazi anga ang'ambika ndi mphepo yafumbiyi.

Ndine wanu, Fadiala

Bamako, 9 Malichi 1997

Make Kabine,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndakondwa kumva kuti khanda layamba kukwawa. Ife kuno tili bwino. Kutentha kwayamba, mabati a chisakasa akumalira okha masana.

Mafuta ndinalandira, zikomo. Nkhosa kuno zakwera moti wogulitsa amatchula mtengo atayang'ana kumbali. Kabine agule konko kwa Afula oweta ziweto asanazikweze pagalimoto, asafune yanyanga zopiringizika, nyanga sadya. Denga la nkhokwe alifolere tsopano udzu ukadalipo.

Ntchito yachuluka. Timayamba tikangochoka ku swala ya m'mawa, kuweruka dzuwa litalowa. Mayi Assetu, onyika nsalu aja, sapereka bazeni wawo kwa wina koma ife, akuti achinyamata amagunda ngati akupha njoka. Dzulo anabweretsa mulu wofika m'chiuno.

Tiyi masiku ano akuthira ndi Burama. Mukudziwa kuti ine ndimathira ketulo ili m'mwamba kuti thovu lichuluke, koma ndaona kuti kapolo azigwirako ntchito. Wake alibe thovu, timangomwa. Mkanjo wovalira kumutu uja ndaupinda, ndikuvala malaya amabatani, ndi opepuka nyengo ino. Pogona ndayamba kugonera kumanzere, khoma la mbali imeneyo limazizirirako.

Lachisanu Burama anandiuza tili pachipika, "Iwe Konde, chibonga chako chayamba kutsimphina ngati bulu wonyamula mchere."

Ine ndinati, "Chikudikira chako, chaulesicho."

"Chaulesi changa? Wadya khobwe wambiri, mimba ikukulemera."

Anthu m'chisakasa anaseka, a Silla nawonso. Tsiku limafupika tikamatero.

Ngati mafuta ena alipo, tumizaninso. Mapazi sanapole.

Fadiala

Bamako, 29 Malichi 1997

Make Kabine,

Moni. Tili moyo, Mulungu ngwabwino. Inu mukhale bwino pamodzi ndi ana.

Mwafunsa kuti ndi mapazi anji omaliza chikho cha mafuta mwezi usanathe. Ndi mapazi a munthu wamkulu, amamwa kwambiri.

Kwabwera amuna ena a kwathu kuja kudzafuna ntchito, amphamvu zawo. A Silla anena kuti awiri amene mulu wawo uzigona, chipika chawo apatsa alendowo. Sananene kwa ife, ananena kwa onse, koma ine ndinamva. Burama ali ndi ana asukulu ndi lendi. Ndiye tikugunda.

Nsalu yobiriwira ili m'phukusiyo ndi yanu, ndagunda ndekha mbali yanga. Musoketse msanga, atelala adzaza.

Pali kanthu kena koti ndinene, koma kadikire Tabasiki ipite. Burama waimitsa cholembera, akufunsa kuti kanthu kanji. Ndamuuza kuti nza m'banja, alembe basi.

Fadiala

Bamako, 12 Epulo 1997

Make Kabine,

Aphunzitsi aona kuti zilembo zasintha. Akulemba ndi a Solomani, telala wa pafupi ndi mzikiti. Musachite mantha, palibe wamwalira. Moni kwa nonse.

Ndinene pang'onopang'ono. Mafuta aja sanali a mapazi. Ndi phewa lamanja. Linayamba nthawi yosala kudya, mwina kale kuposa apo, sindingaloze tsiku. Poyamba linkangonyong'onya madzulo, m'mawa nkukhala bwino. Kenako linayamba kulasa ndikakweza mkono, ululu nkumatsika mpaka m'chigongono, zala nkumachita dzanzi. Sindikanakuuzani, poti wolemba anali Burama, ndipo Burama akanamva akanati tipume, mulu nkugona, chipika nkupita.

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili pamutu, tinali pa nsalu ya Mayi Assetu. Ndinakweza chibonga, phewa linagwira m'mwamba ngati wina walikola ndi mbedza. Sindinachedwe kwambiri, kuphethira kamodzi kokha. Koma dzanja la Burama linalowa pa nthawi yake monga limalowera zaka zonsezi, ndipo chibonga changa chinatsika pa nthawi yosakhala yake. Nthawi imeneyo iye anali atagwira chibonga kumanzere. Pansalu panali lamanja.

Sanakuwe. Anangoyang'ana dzanjalo, kenako anakoka nsalu ndi linalo kuti magazi asadonthere. A Silla anathamanga naye. Kuchipatala anati zala ziwiri zathyoka, cholozera ndi chapakati. Anasoka, namuika chikhakha mpaka pamkono.

Make Kabine, inu ndinu wa Tarawele, mukudziwa. Makolo anatisiyira kuti wa Konde ndi wa Tarawele atukwanane mmene angathere, alandane nsapato, atchulane akapolo, koma asakwiyirane ndipo wina asakhetse magazi a mnzake. Ine ndakhetsa.

Mawa lake ndinagula mtedza wa kola khumi woyera wopepesera, ndinavala mkanjo uja ngakhale kuvala kwake kunanditulutsa thukuta, ndinapita kwawo. Ndinavula nsapato pakhomo, ndinagwada, ndinati, "A Tarawele, ndabwera kudzapepesa. Ndakulakwirani."

Analandira kolayo ndi dzanja lamanzere. Kenako anati, "Palibe kanthu, a Konde. Zikomo kuti mwabwera. Khalani pampandopo, mkazi wanga Kadia akupatseni madzi."

A Konde. Khalani pampando. Chiyambire kudziwana, munthu ameneyu sanandipatseko mpando, amandiuza kuti malo a kapolo ndi pansi. Madziwo ndinamwa, ndinanyamuka.

Faranga za mwezi uno zichepa. Nkhosa ikavuta, mbuzi yamphongo ija ikwana.

Fadiala

Bamako, 27 Epulo 1997

Make Kabine,

Moni wa Tabasiki, Mulungu atifikitsenso chaka chamawa. Ndamva kuti nsalu inakukhalani ndipo akazi anzanu anaigwiragwira. A Solomani akulembabe, akupereka moni.

Chipika chathu a Silla anapatsa alendo aja, koma sanandithamangitse. Ndikupinda nsalu ndi kuwaza madzi, malipiro ake ndi a tiyi ndi buledi. Akuti ntchito ya Tabasiki ikatha aona.

Kuchipatala ndinapitanso, ulendo uno za ine ndemwe. Anandikakamiza ndi Mayi Assetu, akuti sakufuna kuti wina athyoledwenso pa nsalu yawo. Ndinapeza namwino wachikulire, mayi wa ku Segu, wosathamanga polankhula. Anandikweza mkono uku ndi uku, nafunsa pamene ukulasa. Anafunsanso za ntchito, kulemera kwa chibonga, ndi ngati ndimapuma. Ndinati ndimapuma pa swala. Anaseka.

Anandiuza chonchi, ndipo ndasunga. Akuti ululu wa mnzanu ndi wanu ndi wosiyana kubwera kwake. Wa mnzanu unabwera kamodzi, ali ndi tsiku lake, fupa linathyoka, magazi anatuluka, aliyense anaona ndipo anathamanga naye. Wanu unabwera pang'onopang'ono. M'phewa muli mitsempha yomanga nyama ku fupa, ndipo mukakweza mkono imadutsa pa kampata kopapatiza. Kukweza kamodzi sikulakwa. Koma kukweza chinthu cholemera m'mawa mpaka madzulo, mbali imodzi yomweyo, osaipatsa nthawi yoti ipole, imakhuzika, imatupa, ikatupa kampata kaja kamachepa, ndiye imakhuzikanso koposa. Ine ndinakumbukira chingwe cha pachitsime chathu, mmene chimanyotsokera pamene chimakhudza mwala. Ndinamuuza, iye anati eya, koma chingwe sichidzilumikiza, pomwe mtsempha mukaupumitsa umayesetsa.

Ndiye sikuti mkono watha. Wandipatsa mapiritsi otsitsa kutupa, wandionetsa kowerama nkumalendewetsa mkono ngati mchira wa ng'ombe, ndi koyendetsa zala pakhoma kukwera pang'onopang'ono. Achinyamata amaseka akandiona ndikukwawitsa zala pakhoma la chisakasa. Namwinoyo akuti ndikadzabwerera pachipika, chibonga chikhale chopepukirako, ndizipuma nsalu ikatha, ndipo ndizisintha manja. Ndinati malume anakaniza. Anafunsa kuti malumewo anakalamba bwanji. Inu mukukumbukira kuti ankavekedwa malaya ndi akazi awo.

Zimenezo ndi za phewa, ndipo zikupita bwino. Za Burama ndiye ayi.

Kubwalo la swala tinakumana. Anandipatsa moni wonse, wa ana, wa akazi, wa kumudzi, mmodzimmodzi ngati ndine mlamu wa imamu. Nkhosa yake anamuphera mnansi, pomwe zaka zonse ndimaigwira miyendo ndine, uku ndikumuuza kuti yaonda ngati mwini wake. Madzulo Kadia ananditumizira nyama m'mbale yovundikira, ya alendo ija. Ndapitako kawiri ndi shuga ndi tiyi. Amati zikomo, a Konde, Mulungu akubwezereni.

Chipika chikapita ndingapeze china. Phewa likakana ndingabwere kumudzi kudzaweta nkhuku. Koma munthu uyu akapitiriza kundilemekeza chonchi, sindikudziwa kuti Bamako ndikhalamo bwanji. Inu ndi magazi amodzi, ndiuzeni chochita. Ndiwonjezere kola? Nditume a Silla akandipepesere?

Fadiala

Bamako, 11 Meyi 1997

Make Kabine,

Moni kwa inu nonse. Ine ndikupezako bwino, zala zikufika pamwamba pa zenera tsopano.

Dalaivala wandipatsa kathumba. Ndinayesa mafuta, ndinapeza khobwe. Ndinafunafuna kalata, ndinapeza kapepala kakang'ono, a Solomani anandiwerengera: "Ameneyu si wanu."

Ndinakhumudwa, ndisaname. Ndinati ndafunsa nzeru, anditumizira ndiwo, ndiwo zakenso za eni. Ndinafunsa dalaivala ngati anasokoneza katundu. Anati ayi, mayiwo anamanga okha, ndipo pomanga ankaseka.

Pamene ananena za kusekako mpamene ndinakhala pansi. A Solomani anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati, "Bambo Konde, kodi mukapita kwa mnzanuyo mumanena chiyani?" Ndinati ndimapepesa. Anati, "Basi?" Ndinati basi. Anapitiriza kusoka.

Mvula ikayamba Kabine asandidikire, adzale mtedza kumunda wakumtunda. Mawa ndi tsiku la msika. Ndigula anyezi ndi mafuta ofiira, ndibwereka mphika waukulu wa Mayi Assetu. Mkanjo sindivala.

Fadiala

Bamako, 1 Juni 1997

Make Kabine,

Aphunzitsi apirire, zilembo za lero zikuyenda ngati nkhanu. Muwauze kuti wolemba ndi wa Tarawele, amvetsa.

Moni kwa inu, kwa Kabine ndi mkazi wake, ndi kwa khanda limene mukuti laima. Ife tili bwino. Mvula yagwa kawiri kuno, fumbi lagona.

Khobwe uja ndinaphika ndekha, anapsererako pansi. Ndinasenza mphika pamutu, dzanja lamanzere likugwirizira, kudutsa mumsewu wonse anthu akuona. Ndinafika kwa Burama masana, iye ali pansi pa mtengo wa mango ndi anansi ake, mkono wa chikhakha atautsamiritsa pamwendo. Nsapato sindinavule.  Iye anayamba kudzuka, nati, "A Konde, fikani, Kadia bweretsa..."

Ndinatula mphika patsogolo pake, ndinavundukula, ndinati, "Iwe kapolo, idya chakudya cha makolo ako. Ndamva kuti chileke kudya khobwe mafupa ako afewa, akumathyoka ndi kamtengo."

Anansi anangoti kukamwa yasa. Kadia anaima pakhomo ndi mpando m'manja. Burama anayang'ana mphika, nayang'ana ine. Ndinaona mlomo wake ukunjenjemera, sindinadziwe kuti ukupita kuti.

Kenako anati, "Kadia, bweza mpandowo. Galu uyu akhala pansi."

Make Kabine, ndinakhala pansi, padothi, ndipo sindinakhalepo pabwino chotero chaka chino.

Anati, "Wapsereza. Wa Konde angathe chiyani? Kugunda sutha, kuphika sutha, kunama nakonso sutha. Mapazi! Ndinalemba ndi dzanja langa ili kuti mapazi, uku ndikukuona ukulephera kukweza ketulo."

Ndinati, "Unadziwa?"

"Khutu langa lamva chibonga chako kuyambira tsitsi lili lakuda. Ndinadikira kuti unene. Nanenso ndinkaopa mulu uja, ndiye ndinangoti bulu akutsimphina, nkusiya pomwepo."

Ndinafunsa kuti nanga ulemu wonse uja unali wa chiyani. Anati, "Unabwera ndi kola woyera ndi mkanjo ngati ukudzafunsira mwana wanga. Unanditchula a Tarawele. Ndinati basi, chibonga chathyola zala, chathyolanso chisuwani, munthuyu wandisandutsa mlendo. Ndikanamutukwana bwanji munthu wogwada?"

Apa Burama waimitsa cholembera, akuti ndinene zoona kuti ndinalira. Sindinalire, unali utsi wa anyezi. Akuti anyezi wophika kale alibe utsi. Lemba zimene ndikunena, iwe.

Khobweyo tinadya tonse ndi anansi, iye ndi supuni kumanzere, theka likugwera pansi. Za usiku wake funsani Kadia.

Chikhakha anachotsa sabata yatha. Zala zalumikizana, cholozera chapindikako pang'ono ndipo sichifunga bwino, koma akuti chizifewa akamachigwiritsa ntchito. Kalata ino ndi mankhwala ake, ndiye ndikulankhula zambiri dala.

Alendo aja apita kukalima, a Silla atibwezera chipika. Tasemetsa zibonga zopepukirako. Iye akugunda ndi lamanzere poti lamanja silinagwire, inenso ndi lamanzere poti lamanja likupuma. Malume andikhululukire. Tsiku loyamba chisakasa chonse chinasiya ntchito kumvetsera, akuti zikumveka ngati abulu awiri otsimphina akuwoloka mlatho. Pokoka nsalu tagwirizana kuti tiziima kaye, wina anene kuti koka. Nsalu ikatha timaika zibonga pansi, ine ndimapita kukhoma, iye amafinya kampira kofewetsera zala. Tagwirizananso kuti china chikayamba kuwawa, mwini wake anene tsiku lomwelo, mnzake amutukwane, kenako tipume. Mayi Assetu atenga nsalu yoyamba dzulo, anaitembenuza padzuwa, anati yawala. Timaliza zochepa, koma nyengo ino ntchito ndi yochepanso, ndipo pofika Tabasiki ina manja onse anayi adzakhala ataphunzira.

Ndibwera mukamapalira koyamba, Mulungu akalola. Khasu ndigwira pang'ono, khanda ndinyamula ndithu. Dzulo ndathira tiyi ketulo ili pofika pachibwano, thovu linabwera.

Yankhani msanga, make Kabine, dalaivala abwerera Lachinayi. Mundiuze za mtedza, ndiponso ngati khobwe uja munatapa pa mbewu, kuti ndibweze. Burama akuti mutumize thumba lina, koma ulendo uno mulembe kuti ndi la mwamuna wanu. Aphunzitsi alembe zilembo zikuluzikulu, poti wondiwerengera ndi kapolo wokalamba, maso ake ndi a khobwe.

Ndine wanu, Fadiala Konde